Sowo ya Mayi Felizarda

Ndanola masowo ku Matundo zaka khumi ndi zinayi,
kuseri kwa msika, komwe fumbi la malori a malasha
limadzagona pa matabwa anga ngati linalipira lendi.
Koma sowo yomwe anabwera nayo Mayi Felizarda Lachiwiri lija
tupa wanga sanaikhudzepo.

Anaikulunga m'kapulana wothetheka.
"A Gervazio, mundikhomere bokosi lagalasi,
mphemvu zindithera chuma cha malemu."
Nditavundukula, lupanga lotuwa, lotalika kuposa mkono wanga,
mano uku, mano uku,
limodzi lobenthuka, awiri ogwedera.
Mbali imodzi ndinawerenga khumi, asanu ndi atatu.

Akuti apongozi awo anaikola pomwe pali mlatho lero,
simenti isanatseke mtsinje ku Songo.
Inadula zingwe, inang'amba bwato,
amuna asanu anaikhwekhwereza pamchenga,
anthu anadya mpaka kukana.
Inatsala mphuno yokhayi.

Ine mwana wa ku Domwe, wokulira m'mizere ya kachewere,
nsomba yanga inali matemba a m'khwawa.
Ndinaseka. Nsomba yoyenda ndi chida cha kalipentala?

Madzulo kunabwera Graciete, mwana wawo wachisanu,
uja amaphunzira za m'nyanja ku Quelimane.
Anakhala pa benchi, akutafuna masawu, nthangala nkumalavulira m'utuchi.
Anati ambiri amaiyesa shaki, koma ndi msuweni chabe:
makha ake ali kumimba,
mbumba yake ndi nsomba zophwatalala ngati lichero
zomwe zimakupiza mapiko pansi pa nyanja.
Fupa ilibe ndi limodzi lomwe.
"Gwirani khutu lanu," anatero. Ndinagwira.
"Thupi lonse ndi chimenecho."

Anati makolo a mtunduwu ankasambira kale
mtengo woyamba usanaimirire pa dziko.
Ndinacheukira mulu wanga wa mlombwa
womwe ndimaulemekeza ngati nkhalamba,
ndipo unandionekera khanda.

Anandilozera timabowo tangati pobaya singano:
pamenepa inkamvera mtima wa nsomba yobisala m'matope,
madzi ali bii, maso opanda ntchito.
Siikira mazira. Imabala ana amoyo,
aliyense sowo yake ili m'chimake chofewa
kuti asacheke mayi potuluka.
Apa ndinaika randa pansi.
Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Nanga zinapita kuti?
Anakweza mapewa. Imakula mochedwa, imabala ochepa,
ndipo mano omwe ankaidyetsa ndi omwe amakodwa mu ukonde.
Nayenso shaki wamphuno yobuntha,
uja ankachoka ku Chinde nkukwera madzi opanda mchere mpaka kuno,
asodzi a lero amamumva m'kamwa mwa akufa.
Graciete wayenda madooko ambiri ndi kope lake, akufunsa.
Aliyense amati: bambo anga anaionapo.
Palibe woti: ine.

Ndinapala matabwa usiku, kutentha kwa Tete kutakhala pakhosi.
Nditalumikiza mbali zinayi ndinabwerera m'mbuyo,
pakuti muyeso umenewu ndimaudziwa.
Ndakhomapo mabokosi otere,
aja amanyamulidwa ndi munthu mmodzi, m'manja,
opanda kwaya.

Misomali ya chivundikiro ndinaibweza m'chitini.
Ndinapita kwa Mmwenye kukagula mahinjesi awiri,
mametikale anga, osawonjezera pa mtengo.
Mayi Felizarda anadandaula kuti fumbi lizilowa.
Ndinati ana asukulu azitsegula, azigwira,
aziwerenga okha manowo.

Tsopano ndikamawoloka mlatho pa njinga m'mawa
ndimatsika pakatikati, ngati tcheni chavuka.
Zambezi ali phee, wofiirira, wosaulula kanthu.
Azimayi akuchapa, mnyamata akukoka neti ya udzudzu m'mphepete.
Ndimayang'ana mpaka wa minibasi ataliza hutala,
kenako ndimakwera, ndikupita kukanola
masowo omwe sanapumepo.